Nzeru Zobwereka pa Bolodi la Amuna Anga

1

Dzina langa ndine Esnati. Amene anali ku Mfuwe chaka cha 1999 amandikumbukira ngati mkazi uja ankadzitsekera mu ofesi masana aliwonse, ndipo ena mpaka lero amakhulupirira kuti m'katimo munkakhala mwamuna. Ndaganiza zofotokoza ndekha, chifukwa mtolowu ndausenza nthawi yaitali.

Makolo anga anachoka ku Katete n'kutsikira kuchigwa kuno kudzalima thonje ine ndili mwana. Nditamaliza sukulu ndinakaphunzira kutaipa ku Chipata, kenako ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa kampu ina ya alendo m'mbali mwa Luangwa, cha ku Nkwali. Ndinkalemba makalata, kusunga mayina a alendo ndi kuyankha wailesi ya kampu.

A Lubasi anachokera ku Mongu, boma litawatumiza kudzaphunzitsa masamu. Chinyanja chawo chinali chokhotakhota, Chikunda cha anthu a kuno ndiye sankachimva n'komwe, ndipo akalakwitsa mawu ankayamba okha kudziseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunanditenga mtima. Tinakwatirana mu 1993, chaka chotsatira kunabadwa mwana wathu Monde.

Sanali mwamuna woipa. Sankamwa, sankamenya, sankayenda ndi akazi. Mkazi mnzanga anali bolodi la chesi. Akaweruka kusukulu ankavula nsapato, kukhala pakhonde, kuyala zidole zawo zamatabwa n'kutsegula buku lothothoka chikuto. Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa kulowa, munthu ankangooneka thupi lokha. Ndikawauza kuti njovu zathyola mpanda wa dimba la amayi, ankati "ehe". Ndikawauza kuti Monde wamera dzino, ankati "ehe". Tsiku lina ndinawauza dala kuti ndikubwerera kwathu mawa, anayankhanso chimodzimodzi.

Kwa ankhoswe ukanena kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga amakhala pakhomo kwambiri?

2

Mu 1998 a Morgan, manijala wa kampu yathu, anabweretsa kompyuta kuchokera ku Lusaka n'kuilumikiza ku foni. Alendo anayamba kusungitsa malo pa imelo, ndipo ine ndi amene ndinaphunzitsidwa kuigwiritsa ntchito. Foni ya kuno inkaduka ikafuna, koma masana uthenga unkadutsa ndithu.

Nthawi yomweyo a Lubasi anaona m'nyuzipepala kuti kagulu kena ka osewera chesi kayambitsa mpikisano wa pa imelo. Aliyense ankasewera ndi anthu khumi akutali amene sanawaonepo. Ukasuntha chidole chimodzi, chimene osewera amati muvu, unkatumiza uthenga kwa mnzako, iye n'kuyankha pasanathe masiku atatu. Wopambana anali woti akaitanidwa ku mpikisano waukulu ku Lusaka. Malamulo anali awiri: mabuku ungawerenge, koma usafunse munthu wina ndipo usafunse kompyuta.

A Lubasi anavala tayi n'kupita kukapempha a Morgan kuti mauthenga awo azidutsira pa ofesi yathu. A Morgan anavomera, bola zikhale pa nthawi yopuma masana. Ndiye ine ndinasanduka wamtengatenga. M'mawa ankandipatsa kapepala kolembapo mamuvu awo, madzulo ndinkabwera ndi mayankho. Kuti ndisamalakwitse potaipa, anandiphunzitsa mayina a mabokosi a pa bolodi ndi kayendedwe ka chidole chilichonse: mfumu, mfumukazi, nsanja, bishopu, hatchi ndi asilikali. Anandiphunzitsa tsiku limodzi lokha, mothamanga, ngati mwana wobwereza kalasi.

Ndinkayembekeza kuti tsopano tizicheza. Koma ndikatsika galimoto ya antchito, asanandipatse n'komwe moni ankatambasula dzanja.

"Ayankha?"

Ndikawapatsa pepala, basi, nkhani yatha. Miyezi itatu yoyamba analuza masewera amodzi, ena awiri anafanana mphamvu. Ankawonda ndikuona. Munthu wa kumudzi kwa mchenga ngati ine, anandiuza tsiku lina, amafuna kamodzi kokha kuti a ku Lusaka amve dzina lake.

3

Munali mu Okutobala, kutentha koti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. A Lubasi anali atapanikizika ndi dokotala wina wa ku Kitwe. Masiku awiri anakhala akuyang'ana bolodi lomwelo osasuntha kanthu, ndipo tsiku lachitatu linali lomaliza kuyankha.

Ndinabwera ndi madzi akumwa, n'kuima kumbuyo kwawo.

"Bambo a Monde, bwanji hatchiyo mutaipereka idyedwe apa?"

Anaseka osatembenuka. Anati hatchi siperekedwa ngati mbuzi ya pa maliro. Ndinaloza bokosi limene ndinkanena n'kubwerera kukhitchini. Patapita nthawi ndinazindikira kuti pakhonde pangoti zii. Nditasuzumira ndinawaona akusuntha zidole mofulumira, kubweza, kusunthanso, milomo ikuyenda. Kenako anandiitana, osati "amake Monde" monga mwa masiku onse, koma ndi dzina langa.

Anandikokera mpando. Anandionetsa kuti hatchi ikadyedwa njira ya mfumukazi itseguka, ndipo pakatha mamuvu asanu dokotala uja sakhala ndi kothawira. Ankalankhula maso ali pa ine, kuyembekeza kuti ndivomereze. Zaka zisanu za ukwati, ndinali ndisanayang'anidwepo choncho.

"Mwaziona bwanji zimenezi?"

"Ndangoona," ndinatero.

Owerenga anzanga, ndikupempheni kuti musandifunse pano kumene ndinautenga muvu umenewo. Ndinena, koma mundilole ndifike nazo bwino.

Ndinawakumbutsa za lamulo loletsa kufunsa munthu wina. Anati mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi, ndiye palibe munthu wina apa. Tinaseka tonse. Patatha sabata ziwiri dokotala uja anagonja, ndipo a Lubasi anandigulira chitenje pamsika wa Mfuwe, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirane.

4

Miyezi yotsatira inali yokoma, ndipo sindikana. Madzulo aliwonse mipando pakhonde inkakhala iwiri. Ankandifotokozera maganizo awo, ine n'kumvetsera, kenako n'kuloza chidole. Nthawi zina ankatsutsa, mawa lake n'kubwera kudzavomereza kuti ndinali ndi mfundo. Tikachoka pa chesi tinkapitirira ku nkhani zina: za amayi awo, za madzi osefukira a kwawo, za sukulu imene Monde adzaphunzire. Ankauza aphunzitsi anzawo kuti anakwatira mkazi wa mutu woposa wawo. Anapambana masewera ena atatu motsatizana.

Koma kuntchito zinthu zinayamba kununkha. Wani koloko ikakwana, antchito onse ankapita kukadya pansi pa mtengo wa mtondo. Ine ndinkatsala, kutseka chitseko cha ofesi ndi kiyi n'kukoka makatani. Ndinkatuluka itatsala pang'ono thu koloko, thukuta lili kamukamu, osadya.

Delia, amene ankayang'anira zochapa ndi zipinda za alendo, anali mnzanga kuyambira kusukulu. Tsiku lina anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi n'kundiuza kuti anthu akulankhula. Ena ankati ndi a Morgan, ena ankati ndi mmodzi wa anyamata operekeza alendo kutchire amene amalowera pawindo. Anandichonderera kuti ngati pali munthu ndimusiye, chifukwa aphunzitsi ndi munthu wofatsa ndipo sakuyenera manyazi oterowo. Ndinamuuza kuti ndimakhala ndikutumiza mauthenga a amuna anga. Anandiyang'ana n'kunena kuti uthenga sufuna makatani.

Mphekesera zinafika kwa a Lubasi Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi. Pobwerera kunyumba anandiuza okha, akuseka.

"Asiyeni anene. Ine mkazi wanga ndimamudziwa mpaka m'mene amaganizira."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Lolemba lake sindinatseke chitseko, ndinapita kukadya ndi anzanga. Madzulo atandifunsa maganizo anga, ndinati mutu ulibe kanthu lero. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndinapeza mpando wachiwiri wabwezedwa m'nyumba, iwo atawerama pa bolodi, dzanja lili lotambasula kudikira pepala. Sanachite mwankhanza, anangobwerera kumene anazolowera.

Lachinayi ndinatsekanso chitseko.

5

Mu Febuluwale 1999 Luangwa inakwiya. Madzi anadutsa gombe n'kulowa m'kampu mpaka m'maondo, mvuu zikusambira pamene alendo ankadyera. Katundu yense wa mu ofesi tinamulongedza m'mabokosi n'kumukweza pamwamba m'sitolo ya njerwa. A Morgan anapita ku Lusaka, operekeza alendo anabalalika m'makwawo, ife tonse tinauzidwa kudikira kunyumba mpaka madzi ataphwa.

Mpikisano sunaime. A Lubasi anapeza ofesi ina pafupi ndi bwalo la ndege imene inali ndi imelo, ndipo ankapalasa njinga m'matope kukatumiza okha. Akabwerako ankayala bolodi n'kundiitana. Koma chitsime chimene ndinkatungako chinali chitatsekedwa, ndipo ndinalibe dontho n'limodzi lomwe.

Ndinayamba kudwala mutu. Tsiku loyamba unali wabodza, koma pofika sabata yachiwiri unkapwetekadi. Ananditengera kuchipatala pa njinga, anesi anandipima malungo, sanapeze kanthu. A Lubasi ankandiphikira tiyi, kumusambitsa Monde, kundipepesa kuti mwina andigwiritsa ntchito ubongo mopitirira. Chifundo chawo chinkandipanikiza ngati chipinda chopanda windo. Kunja kunali madzi mbali zonse, msewu wa ku Chipata unali utaduka, ndipo ngakhale ndikanafuna kuthawira kwa achibale kunalibe podzera.

Sabata yachinayi anabwera ndi bolodi mpaka pamphasa pamene ndinagona. Anati sakundikakamiza, koma masewera awa akawaluza mwayi wa ku Lusaka ukhoza kuchepa. Ndinayang'ana zidolezo nthawi yaitali. Sindinkaona chilichonse, zinali zidutswa za mtengo basi. Ndinaloza bishopu n'kuti apite kutsogolo. Anakwinya nkhope, koma chifukwa ankandikhulupirira anati mwina pali chimene iwo sakuchiona, ndipo anakatumiza.

Patatha masiku atatu bishopu uja anatsekeredwa pakona n'kudyedwa ulele. Masewerawo analuza. M'malo mokalipa anandigwira phewa n'kunena kuti ngakhale akatswiri amapunthwa akadwala.

Madzi ataphwa, ofesi inatsegulidwa. Mutu wanga unachira tsiku lomwelo. A Lubasi anapambana masewera awiri otsala, ndipo pofika Meyi dzina lawo linali pamwamba pa onse.

6

Uthenga unafika Lachisanu, ndipo ine ndi amene ndinayamba kuuwerenga. Unachokera kwa a Gideon, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Lusaka amene ankayang'anira mpikisanowo. Analemba mwaulemu kuti dokotala wa ku Kitwe wadandaula, ndipo iwo alowetsa masewera onse a a Lubasi mu kompyuta kuti ayerekeze. M'malo ovuta, mamuvu asanu ndi anayi pa khumi aliwonse anali ofanana ndendende ndi amene makina amasankha. Munthu, anatero, safanana ndi makina motero. Anapempha kuti a Lubasi afotokoze, apo ayi dzina lawo lichotsedwa ndipo onse auzidwa chifukwa chake.

Ndinaganiza zoufufuta. Koma ndinadziwa kuti wina ubwera, mwinanso kudzera kusukulu. Ndinausindikiza n'kupita nawo kunyumba.

A Lubasi anawerenga ataimirira. Anayamba kulankhula Chilozi cha kwawo, chimene amachita akapsa mtima kwenikweni. Mawa lake anapita kwa a Mwansa, ahedi a pasukulu pawo, n'kulumbira dzanja lili pa Baibulo kuti sanafunsepo nzeru kwa kompyuta chibadwire. A Mwansa anali atalengeza kale kwa ana ndi makolo kuti mphunzitsi wawo akupita ku Lusaka, ndiye nkhaniyo inawakhudza nawonso.

Madzulo ake a Lubasi anandikhazika pansi nkhope ili yowala ngati munthu amene wapeza njira.

"Ndawalembera zoona. Ndavomera kuti mkazi wanga ankandithandiza, ndipo chilango cha zimenezo ndilandira. Koma kunditcha wakuba wa makina ndakana. Ndawauza abwere adzakuoneni okha mukusewera."

Anati mwina ichi n'chimene Mulungu ankafuna, kuti dziko lidziwe za ine m'malo mwa iwo. Uthengawo anali atautumiza kale kuchokera ku ofesi ya ku bwalo la ndege ija. A Gideon anayankha kuti ali ndi mlongo wawo ku Chipata, ndiye adzafika Loweruka la sabata yamawa.

Masiku asanu ndi awiri. Katatu ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koyamba Monde anagwa pakhonde n'kuyamba kulira. Kachiwiri a Lubasi anandidula mawu n'kuyamba kundiuza kuti andisokere diresi loti ndidzavale. Kachitatu panalibe chondiletsa, ndinangochita mantha. Ndinkabisala ndi buku lawo lija kuseri kwa nyumba kuyesa kuloweza, koma chesi si vesi ya pamtima. Ndinapemphera kuti minibasi ya a Gideon iwonongeke panjira, kenako ndinapemphera kuti Mulungu andikhululukire pemphero limenelo.

7

Anafika. Anali bambo wamfupi wa imvi, wonyamula chikwama chakuda chong'ambika zipi. Tinakumana m'kalasi ya giledi naini, teni koloko m'mawa. Munali a Gideon, a Mwansa, amuna anga ndi ine. A Mwansa anathamangitsa ana amene anaunjikana m'mawindo.

A Gideon anandipatsa moni mwaulemu n'kufunsa za mwana. Anati sanabwere kudzaweruza munthu, koma kudzateteza masewera, chifukwa anthu akamasewera osaonana chimene chimawagwirizanitsa ndi chikhulupiriro chokha, ndipo chikatha mpikisano umatha. Anafotokoza kuti ali ndi njira zitatu: kuyerekeza mamuvu ndi a makina, kumufunsa munthu chifukwa chimene anasunthira, ndi kumuona akusewera pamaso. Yoyamba anali atachita kale.

Anayala zidole monga zinalili tsiku la hatchi lija.

"Mayi, tandiuzani. Dokotala akanakana kudya hatchiyi, n'kusuntha mfumu yake apa, mukanatani?"

Ndinayang'ana bolodi. Ndinkamva a Lubasi akupuma pambali panga. Anandinong'oneza kuti ndisafulumire. Mphindi zinadutsa. Ndinasuntha nsanja. A Gideon anangosuntha bishopu wawo modekha n'kuidya, kenako anabweza zonse n'kuyala malo ena. Ameneponso ndinalephera. Kachitatu ndinasuntha msilikali amene ankatchinga mfumu yanga, chinthu chimene ngakhale mwana wa sukulu sangachite.

A Lubasi anati ndi mantha chabe, mkazi wawo sanazolowere anthu. A Gideon anavomera kuti mantha alipo, kenako anatulutsa pepala lolembalemba ndi cholembera chofiira. Anati pali chinthu chimodzi chimene chikuwazunguza. Kuyambira Okutobala mamuvu anali a makina, koma kwa masabata asanu, mu Febuluwale ndi Malichi, anasanduka a munthu wamba, ndipo mauthenga a nthawi imeneyo ankachokera ku adiresi ina. Anafunsa ngati kunachitika chinachake kuno masabata amenewo.

"Kunali madzi osefukira," anayankha a Mwansa. "Kampu inatsekedwa."

Ndinaona a Lubasi akutembenuka pang'onopang'ono. Ndi mphunzitsi wa masamu, sanafune wowawerengera.

Ndinaimirira n'kunena zonse. M'kompyuta ya ku ofesi munali pulogalamu ya chesi imene mlendo wina anaikamo kuti azisewera mvula ikamagwa. A Morgan anali ataiwala kuti ilimo. Ine ndinaipeza mwangozi mu Okutobala. M'mawa uliwonse ndinkakopera pa kapepala m'mene zidole zakhalira pa bolodi la amuna anga, masana n'kuziyala m'makinamo. Inkatenga mphindi makumi atatu kapena kuposa kuti iganize, n'chifukwa chake ndinkatseka chitseko ndi makatani. Ikayankha ndinkaloweza muvuwo pamodzi ndi awiri kapena atatu otsatira, n'kung'amba kapepalako. Munalibe mwamuna mu ofesi muja. Munali ine ndi makina.

A Gideon anandifunsa ngati amuna anga ankadziwa. Ndinati ayi, ndipo ndinalumbira. Anafunsa chifukwa chimene ndinachitira, ngati kunali kufuna ulendo wa ku Lusaka.

"Ndinkafuna azindilankhula," ndinatero.

A Lubasi anatola zidole zawo chimodzichimodzi, kuziika m'kathumba, n'kutuluka osayang'ana aliyense.

8

Chigamulo chinabwera patatha sabata. Masewera awo onse anafufutidwa ndipo analetsedwa kulowa mpikisano zaka ziwiri. A Gideon analembera osewera onse kuti a Lubasi sanadziwe za makina, koma anaphwanya lamulo polandira thandizo. Gululo linakhazikitsanso lamulo latsopano loti aliyense wofika pamwamba aziyamba wasewera pamaso pa woyang'anira asanalandire ulemu. A Lubasi analemba okha makalata khumi opepesa, pamanja, n'kukaponya ku positi.

A Morgan sanandichotse ntchito, koma kiyi wa ofesi anandilanda kwa miyezi itatu. Delia atamva anati bola akanakhala mwamuna, anthu akanadziwa ponena. Kusukulu ana anayamba kuwatcha amuna anga "a Kompyuta" akatembenukira ku bolodi la m'kalasi.

Kunyumba sanandikalipire. Ankadya, kuthokoza, kusewera ndi Monde. Kwa ine ankangolankhula zofunikira. Patatha mwezi ndinatumiza mawu kwa amalume a Abson, ankhoswe anga, ndipo anabwera Loweruka masana atavala jekete ngakhale kunkatentha.

Anamvetsera nkhani yonse chipewa chili pabondo. Atatha anafunsa kawiri ngati panalibedi mwamuna. Anafunsa ngati ndinaba kanthu, ngati ndinatukwana apongozi. Atamva kuti ayi, anakanda m'mutu n'kunena kuti iwo aweruzapo milandu ya chigololo, ya ufiti ndi ya malire a munda, koma wa mkazi wofunsira nzeru kwa makina kuti akondweretse mwamuna wake sakudziwa kuti augwire pati. Anapempha a Lubasi kuti akhululuke, popeza cholinga chinali chabwino.

A Lubasi anayankha modekha. Anati za Lusaka alibe nazo ntchito, ndipo chilango anachiyenera chifukwa lamulo ankalidziwa. Anavomeranso pamaso pa amalume kuti anandisiya ndekha zaka zambiri m'nyumba imodzi. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndinkathamangira kunyumba kuti ndikacheze ndi mkazi wanga. Ndinkagona ndikuganiza kuti Mulungu wandipatsa munthu woganiza modabwitsa. Tsopano ndiuzeni, amake Monde, ndinkacheza ndi ndani?"

Ndinafuna kunena kuti kuseka kuja kunali kwanga, kuti nkhani za amayi awo ndinkazimvetsera ine osati makina. Koma wabodza akanena zoona, mawu ake amamveka chimodzimodzi. Ndinangolira. Amalume anavala chipewa n'kunena kuti nkhaniyi ikufuna nthawi.

9

Mu Disembala chaka chomwecho a Lubasi analandira kalata yowasamutsira ku sukulu ina cha ku Senanga. Anali atapempha okha. Sananene kuti ukwati watha, sananenenso kuti ndiwatsatire. Anati akufuna kukhala kumene palibe amene amawadziwa ndi dzina lija. Ndinawaperekeza pokwerera minibasi, Monde atagwira mwendo wawo mpaka kondakitala anachita kumunyamula.

Kalata zawo zimabwera mwezi uliwonse, zolembera Monde, zilembo zazikulu kuti aziwerenga yekha. Kwa miyezi isanu ine ndinkangopatsidwa moni m'mzere womaliza. Ya mwezi wachisanu ndi chimodzi inali ndi kapepala kena kopinda, kolemba dzina langa. Munalibe mawu achikondi kapena okhululuka. Analemba kuti asuntha msilikali wa patsogolo pa mfumu mabokosi awiri, ndipo pansi pake anati: "Yankhani nokha. Ngakhale zikhale zolakwika, bola zikhale zanu."

Ndinakagula bolodi la pulasitiki ku Chipata. Kalata imatenga masabata atatu kupita, atatu kubwera, ndiye pamene ndikulemba pano tasuntha kasanu ndi kawiri aliyense. Ndataya kale hatchi imodzi mopusa. Pulogalamu ija ikadalimo m'kompyuta ya ku ofesi, ndipo kiyi anandibwezera. Masana aliwonse ndimakhala nayo maso ndi maso, ndikudziwa kuti mphindi makumi atatu zokha zikhoza kundipulumutsa. Ndimadzuka n'kupita kukadya ndi anzanga. Pansi pa muvu uliwonse ndimawonjezera mizere ingapo ya zimene zachitika kuno, ndipo iwo ayamba kuyankha, pang'ono pang'ono. Ngati adzabwerera, kapena ngati adzandiitana, sindikudziwa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti mlandu wanga ndi waung'ono, monga anaganizira amalume. Nanenso ndinkadziuza choncho tsiku lililonse potseka chitseko chija. Koma ndinabera anthu khumi amene ankakhala pansi masiku atatu kuganiza ndi mitu yawo, akukhulupirira munthu amene sanamuonepo. Ndinaberanso mwamuna wanga, pomupatsa mkazi amene kulibe kuti amukonde. Ngati m'nyumba mwanu muli chete amene akukupwetekani, nenani ndi pakamwa panu, ngakhale mawu atuluke okhota, ngakhale akuyankheni kuti "ehe" kakhumi. Ine ndinaopa kuoneka wamba pamaso pa munthu mmodzi, ndipo lero ndimadikira wa positi masabata asanu ndi limodzi kuti ndimve mawu ake.